Tigule Makompyuta Athunthu Kapena Tidzilumikizire Tokha?



Komiti inandipempha kuti ndiyankhulepo pa funso limene lakhala likutivuta chigwirizanirane zothandiza sukulu yathu ndi makompyuta. Ena mwa ife akuti tipite kusitolo tikagule makina athunthu, a m'makatoni mwake, ndi malisiti ake. Ena, makamaka achinyamata amene mwatuluka pano posachedwapa, mukuti kumeneko n'kutaya ndalama, bola tigule zipangizo pazokhapazokha n'kulumikiza tokha. Mkanganowu si wathu tokha ayi. Kulikonse kumene anthu okonda makinawa akumana nkhani imeneyi imabuka, ndipo yakhala ikubuka kwa zaka 50. Koma poti ndalama zimene tikukambazi mwasonkha ndinu, ena pochotsa pa penshoni yanu, ndiyankhula mosapita m'mbali.

Tiyambe takumbukira kuti kompyuta ya munthu payekha inayamba ili zidutswazidutswa. M'chaka cha 1975 kampani ina yaing'ono yotchedwa MITS, ya mumzinda wa Albuquerque ku America, inatulutsa makina otchedwa Altair 8800. Ogula ambiri ankalandira katoni ya tizipangizo ndi buku la malangizo, n'kukhala pansi kuwotcherera okha. Makinawo analibe kiyibodi, analibenso sikirini. Munthu ankawauza zochita pokweza ndi kutsitsa timaswichi, iwo n'kumayankha ndi timagetsi tophethira. Mu 1976 Steve Wozniak ndi Steve Jobs anayamba kugulitsa Apple I pa mtengo wa madola 666.66, koma wogula ankalandira bolodi lokha. Bokosi ndi kiyibodi ankaonera yekha. Ku Britain mu 1981 kompyuta ya Sinclair ZX81 inali ndi mitengo iwiri: mapaundi 49.95 ukafuna kulumikiza wekha, ndi mapaundi 69.95 ukafuna yolumikizalumikiza. Masiku amenewo funso lathuli linali losavuta, chifukwa wodzilumikizira ankapulumutsa mapaundi 20 oonekeratu.

Amene anasintha zinthu ndi a IBM. Imeneyi inali kampani yaikulu imene inazolowera kudzipangira yokha pafupifupi chilichonse cha m'makina ake. Itaona kuti timakampani tating'ono tikuidyera msika, inatuma gulu la akatswiri ku Boca Raton m'chigawo cha Florida, motsogozedwa ndi Don Estridge, kuti lipange kompyuta yaing'ono pasanathe chaka. Nthawi yopangira zonse okha panalibe. Motero purosesa anakagula ku Intel, ija yotchedwa 8088, pulogalamu yoyendetsera makina anakatenga ku Microsoft, ndipo zina zambiri anatola kwa opanga ena. IBM PC inatuluka pa 12 Ogasiti 1981. Chinanso chimene anachita n'chakuti anasindikiza buku lofotokoza m'mene mawaya onse anayendera, pofuna kuti makampani ena azipanga zipangizo zowonjezera.

Chimene IBM inagwiritsitsa chinali kapulogalamu kamodzi kotchedwa BIOS, kamene kamadzutsa makina ukangoyatsa. Kukopera kameneko kunali kuphwanya lamulo. A Compaq a ku Houston anapeza njira yake. Anatenga akatswiri amene anali asanaonepo zolemba za IBM, n'kuwauza chabe ntchito imene kapulogalamuko kamagwira, iwo n'kulemba kawokawo. Mu 1983 kompyuta yawo inalowa pamsika, ikuchita zonse zimene ya IBM inkachita. Mu 1984 kampani ya Phoenix inayamba kugulitsa BIOS yoteroyo kwa aliyense wofuna. Chaka chomwecho mnyamata wa zaka 19, Michael Dell, anayamba bizinesi ya makompyuta m'chipinda chake chogona pa yunivesite ya Texas ku Austin. Tsono taonani, anzanga: dzina la Dell limene ena mukuti tikagule chifukwa n'lodalirika, linayamba ndi mwana wasukulu ndi sikuludiraiva. Mu 1995 a Intel anakhazikitsa muyezo wotchedwa ATX, wonena kukula kwa bolodi, pamene mabowo a masikuluwu ayenera kukhala, ndi m'mene magetsi alowere. IBM yeniyeniyo inadzatopa nawo mpikisano, ndipo mu 2005 inagulitsa bizinesi yake ya makompyuta aang'ono kwa a Lenovo a ku China.

Ndakhalitsa pa mbiriyi chifukwa ndi imene ikutiuza tanthauzo la mawu oti kudzilumikizira. Kompyuta ya padesiki inasanduka ngati njinga yakapalasa. Tcheni, sipokosi, chubu ndi mapedulo zimapangidwa ndi anthu osiyanasiyana, koma zimakwanirana, ndipo n'chifukwa chake njinga ikafa pa msika uliwonse mumapeza munthu pansi pa mtengo woti aikonze. Wolumikiza kompyuta lero sapanga kanthu, sawotchereranso. Amagula purosesa, motherboard, RAM, chosungira zinthu chimene masiku ano chimakhala SSD, power supply, fani ndi bokosi, n'kuzimangirira pamodzi. Amene anazolowera amatha ntchitoyi pa ola limodzi kapena awiri. Chofunika n'kudziwa zogwirizana. Purosesa ya Intel silowa pa bolodi la AMD. RAM ya DDR4 silowa pa malo a DDR5, ndipo opanga anachita kusuntha dala kampata kake kuti munthu asakakamize. Timapini ta pamene pamakhala purosesa n'tating'ono ngati tsitsi, ndipo kamodzi kakapindika bolodi lonse likhoza kutha ntchito.

Tsopano funso la mtengo. Kodi kudzilumikizira n'kotchipa? Achinyamata mundikhululukire, koma pa makina wamba amene sukulu ikufuna, yankho kawirikawiri ndi lakuti ayi. Makampani ngati Dell, HP ndi Lenovo amagula zipangizo zankhaninkhani pa mtengo wa pikulitsa umene inu ndi ine sitingaupeze, ndipo chilolezo cha Windows nachonso amachipeza motsika. Kumene wodzilumikizira amapindula ndi pa makina amphamvu, a masewero, okonzera mafilimu kapena ojambulira mapulani a nyumba, chifukwa amasankha yekha poika ndalama zambiri ndi poumira. Nkhani zambiri zimene mumawerenga zotamanda kudzilumikizira zimalembedwa ndi anthu a makina oterowo, okhala kumene chipangizo chikafa amachibweza kusitolo mawa lake. Ife tikufuna makina oti mwana wa Fomu 1 aphunzirirepo kutaipa, kusunga ntchito yake ndi kuwerengetsa masamu.

Komanso mitengo ya zipangizo sikhazikika. Mu 2021 makadi a zithunzi anasowa padziko lonse, mbali ina chifukwa cha mliri wa Covid-19, mbali ina chifukwa anthu okumba ndalama za pa intaneti ankawagula ngati chimanga cha m'nyengo ya njala. Chakumapeto kwa 2025 mtengo wa RAM unakwera koopsa chifukwa makampani akuluakulu a nzeru za makina, zija akuti AI, ankasesa zonse zimene mafakitale akupanga. Ife kuno tili ndi vuto lathu lowonjezera. Zonsezi zimagulidwa ndi madola, ndipo mukukumbukira kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi K25 pa K100 iliyonse mu Meyi 2022, kenaka ndi K44 pa K100 iliyonse mu Novembala 2023. Munthu wogula zidutswa pang'onopang'ono, lero bolodi, mwezi wamawa purosesa, akhoza kupezeka kuti ndalama zamuthera pakati ali ndi theka la kompyuta. Nanga mukalumikiza zonse n'kuyatsa koma osayaka, mudzafunsa yani? Wogulitsa bolodi ali ku Dubai, wa RAM ali ku Johannesburg, ndipo aliyense adzati chake chilibe vuto. Wogula makina athunthu amakhala ndi khomo limodzi logogoda.

Mpaka apa a mbali yogula mukumwetulira. Dikirani pang'ono, chifukwa waranti imatha, kawirikawiri pakangopita chaka chimodzi, ndipo moyo weniweni wa kompyuta ya pasukulu umayamba pamenepo. Pa ntchito yanga ndalowa m'zipinda zingapo za masukulu momwe makina abwinobwino, opatsidwa ndi anthu akufuna kwabwino, angofundikidwa nsalu. Ukafunsa, amati anafa. Ukatsekula, umapeza kuti chafa n'chinthu chimodzi, ndipo nthawi zambiri ndi power supply. Ndiyo imalandira nkhonya yoyamba magetsi akabwera mwamphamvu atazima, kapena mphenzi ikagwa pafupi. Fumbi la mu Okutobala nalonso limatseka mafani mpaka makina kumatentha ngati mbaula.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ngati makinawo atsata muyezo wa ATX uja, power supply ina mumaipeza m'sitolo iliyonse ya makompyuta, n'kumasula masikuluwu 4, ntchito n'kupitirira. Koma makina ambiri a m'maofesi ochokera ku makampani otchukawa, makamaka aang'onoang'ono okongola aja, amakhala ndi power supply ndi bolodi za maonekedwe akeake, zosalowana ndi za wina aliyense. Sipeya yake muyenera kuitanitsa kunja, ndipo mwina anasiya kuipanga. Malaputopu ndiye ovuta koposa, chifukwa ambiri a masiku ano RAM yake anaiwotcherera pa bolodi, moti simungawonjezere kapena kusintha. Kwa munthu woyendayenda laputopu ndi yabwino, ine ndemwe ndili nayo. Koma pa chipinda cholowa ana mazanamazana pa sabata, sindingailangize. Choncho funso lofunika kwa ife si lakuti walumikiza ndani, koma lakuti makinawo akafa m'chaka chachitatu, angakonzedwe pompano kapena ayi.

Ndikudziwa kuti ena mukuganizira za kaunjika, makina ogwiritsidwapo kale ntchito m'maofesi a kunja. Sindikuwanyoza ayi, ambiri ndi olimba kuposa atsopano otchipa. Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi. Pa 14 Okutobala 2025 a Microsoft anasiya kupereka chithandizo chawamba cha Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yosakalamba kwambiri. Kumbali ya Intel ndi kuyambira m'badwo wachi 8, umene unayamba kutuluka mu 2017. N'chifukwa chake maofesi ambiri akhala akutaya makina akale, ndipo ena mwa iwo akutsikira kuno pa mtengo wokoma. Makina oterowo sanafe. Amayenda bwino ndi Linux, imene Linus Torvalds anayamba mu 1991 ndipo ndi yaulere, mwachitsanzo Ubuntu imene inayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Koma tisanasankhe njira imeneyo tifunse kaye aphunzitsi a Computer Studies kuti ana athu akamalowa mayeso a MSCE amafunika kukhala atazolowera mapulogalamu ati. Iwo ndi amene adzakhale ndi makinawa tsiku ndi tsiku, ife titabwerera kwathu.

Mmodzi wa inu anandifunsa panja paja za Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'chikhatho kamene kanachokera ku Cambridge mu 2012 pa mtengo wa madola 35. Ubwino wake ndi magetsi. Kawirikawiri sikadya mawati oposa 15, pamene kompyuta ya padesiki ndi sikirini yake ikhoza kufika 100. Tikadzaganiza zoyendetsa chipindachi ndi sola, nkhani imeneyo tidzaitsegule payokha.

Maganizo anga ndi awa, A Wapampando. Tiyerekeze kuti thumba lathu lingakwanitse makina 20. Ine ndikuti tisagule 20. Tigule 12 athunthu, a padesiki, onse a mtundu umodzi kuti wina akafa azipereka masipeya kwa anzake. Tisanalipire, wogulitsa atsekule bokosi limodzi pamaso pathu tione ngati power supply yake ndi ya muyezo wamba, ndiponso ngati pali malo owonjezerapo RAM. Wokana kutsekula timusiye, masitolo alipo ambiri. Ndalama za makina 4 zipite ku zoteteza magetsi, ma UPS, waya wopita pansi woteteza ku mphenzi, ndi kabati ya masipeya yokhala ndi kiyi. Ndikudziwa kuti zimenezi sizioneka bwino pa chithunzi cha tsiku lopereka mphatso, koma ndi zimene zidzasunge 12 aja.

Makina 4 otsalawo tigule zidutswa, zonse tsiku limodzi ndiponso kwa wogulitsa mmodzi wa m'dziko momwe muno, kuti china chikakana tidziwe kobwerera. Amenewo asalumikizidwe ndi ife ayi, koma ndi ana a Fomu 3, anyamata ndi atsikana, aphunzitsi awo ali pomwepo. Sitidzapulumutsapo ndalama, mwinanso tidzawonjezera pang'ono. Chimene tidzapeze ndi ana amene agwirapo RAM ndi manja awo, amene kompyuta ikakana kuyaka sadzathamangira nsalu yofundikira koma adzayamba ayang'ana ngati fani ikuzungulira. Chaka chilichonse gulu latsopano lizimasula makina omwewo n'kuwalumikizanso, ndipo lomwelo ndi limene lizipukuta fumbi m'makina onse teremu ikamatha.

Ine ndadzipereka kubwera Loweruka 2 pa teremu kudzathandiza ntchito imeneyi, ndipo masikuludiraiva ndidzabweretsa. Ndikufuna anzanga ena 3 odziwa za magetsi kapena za makompyuta, makamaka okhala kufupi ndi sukulu. Amene muli okonzeka mulembetse maina anu kwa a Mlembi tisanapite ku chakudya.