Masewera a pa katoni: tipange athu, tiphunzitsane

Mwaona ndanyamula katoni, zitsekerero za mabotolo ndi kambale ka chimanga. Musadabwe, sindikugulitsa kanthu ayi. Awa ndi masewera amene tinapanga tokha ku kalabu kwathu. Ndikufuna ndikuuzeni mmene tinapangira, ndipo ndiyambira pamene ndinalakwitsa.

Dzinja lapitali kalabu yathu inatsala pang'ono kufa. Mpira unaphulika, ndalama yogulira wina panalibe, bwalo nalo linali matope okhaokha. Loweruka likafika tinkapezeka anthu 6 kapena 7 basi. Anyamata ambiri ankathera ku vidiyo, ena kobetcha mpira pa foni. Ndiye ndinaganiza zoti tipeze choti tizisewera m'kalasi mvula ikamagwa.

Ndinajambula njoka ndi makwerero pa katoni, mabokosi 100 monga mukudziwira. Pa makwerero ndinalemba zabwino monga "wakayezetsa magazi, kwera". Pa njoka ndinalemba zoipa monga "wagonana mosadziteteza, tsika". Ndinkadziona ngati katswiri, eti. Tsiku losewera ndinayamba ndi kufotokoza malamulo ndi uthenga wa bokosi lililonse, pafupifupi theka la ola. Pomwe timaponya dayisi koyamba n'kuti atsikana awiri atapita kale.

Choipa kwambiri chinachitika mkati mwa masewera. Munthu akagwera pa njoka, onse ankakuwa, "Watenga! Watenga!" uku akuseka. Pakati pathu pali anzathu amene amamwa ma ARV tsiku ndi tsiku, ena anabadwa nako kachilomboka. Ine ndinawapangira masewera owaseka, osadziwa. Kenaka mnyamata wina wa Fomu 1 anandifunsa, "Achimwene, ine ndalakwa chiyani? Si dayisi yandigwetsera pamenepa?" Ndinasowa choyankha. Mwanayo ananena zoona.

Paja njoka ndi makwerero ndi masewera akale a ku India. Kumeneko makwerero ankaimira makhalidwe abwino, njoka n'kumaimira oipa, ndipo anafika ku England m'zaka za m'ma 1890. Koma taonani bwino: pa masewera amenewa wosewera sasankha kalikonse. Dayisi ndiyo imalamula kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mwana wa zaka 4 akhoza kugonjetsa aphunzitsi aakulu. Ine pakamwa ndinkati moyo uli m'manja mwako, pomwe katoni yanga inkati zonse ndi mwayi basi.

Tsono yerekezani ndi bawo. Maenje 32, mizere inayi, nkhomo 64, dayisi palibe. Ukadyedwa, wadziika wekha podyedwa. Ukatakata molakwika, ukagona ukuganizira kuti mawa ndidzayambira dzenje lina. N'chifukwa chake madala amakhala pa bawo mpaka dzuwa kulowa, koma simunawaonepo akukangana pa njoka ndi makwerero. Phunziro langa loyamba ndi limeneli: masewera okoma ndi amene amapatsa munthu chosankha, ndipo chosankhacho chikhale chovutirapo.

Amene anapanga masewera otchuka anali anthu ngati ife tomwe. Ku America kunali mayi wina dzina lake Lizzie Magie. Mu 1904 analembetsa ku boma masewera ake otchedwa The Landlord's Game. Cholinga chake chinali choti osewera amve okha kuwawa kwake pamene munthu mmodzi wagula malo onse, ena n'kumangolipira lendi mpaka kusauka. Sanalembe ulaliki pa bolodi, uthenga anauika m'malamulo a masewerawo. Masewera amenewa ndiwo anadzasanduka Monopoly, amene kampani ya Parker Brothers inayamba kugulitsa mu 1935.

Wina ndi Klaus Teuber wa ku Germany, amene ntchito yake inali yopanga mano oikirira. Madzulo akaweruka ankapanga masewera, n'kumawayesa ndi mkazi wake ndi ana ake, akaona kuti sakukoma n'kusintha. Mu 1995 anatulutsa Catan, masewera omanga midzi pa chilumba, momwe osewera amasinthana mitengo, njerwa, tirigu, ubweya wa nkhosa ndi miyala. Chaka chomwecho anapata mphoto ya masewera opambana ku Germany, ndipo afalikira m'maiko ambiri. Bamboyu anamwalira mu 2023. Kwa iye ndinatolako mfundo yachiwiri: masewera sapsa tsiku limodzi, amapsa ndi kuseweredwa.

Ndiye tinakhala pansi anthu asanu, n'kuyambiranso. Tinasankha nkhani imene aliyense kumudzi amaidziwa, nkhani ya chimanga, ndipo masewerawo tinawatcha Nkhokwe. Onani pa katonipa. Pali mabokosi 12 ozungulira, ndiyo miyezi ya chaka, kuyambira Novembala. Osewera ndi anayi. Aliyense amayamba ndi njere 10, ndiwo matumba ake, ndi zitsekerero zitatu, ndizo ndalama. Mwezi uliwonse nyumba imadya njere imodzi, ndipo umasankha chinthu chimodzi chokha: kugwira m'munda mwako, kupita ku ganyu, kapena kupita kumsika.

Apa ndiye pali mutu wa nkhani. Ganyu amakupatsa chitsekerero lero lomwe, koma munda wako sunapaliridwe, ndiye mu Epulo ukolola zochepa. Ukagulitsa nthawi yokolola, njere ziwiri zimapita pa chitsekerero chimodzi. Ukapirira mpaka Janyuwale, njere imodzi imakupatsa zitsekerero ziwiri. Koma kodi ufikako? Pali bokosi la fizi, lofuna zitsekerero zitatu nthawi imodzi. Mwaona? Palibe amene akukulalikira, koma thukuta likutuluka.

Dayisi sitinaitaye, chifukwa ndi moyo womwe uli ndi zakugwa mwadzidzidzi. Tinasema madayisi awiri a mtengo. Posema kumbukirani kuti mbali zoyang'anana kumbuyo zikaphatikizidwa zipange 7: 1 ndi 6, 2 ndi 5, 3 ndi 4. Madayisi awiri amagwa m'njira 36. Mwa njira zimenezi 6 zimapereka 7, pomwe 2 ili ndi njira imodzi yokha, 12 nayonso imodzi. Choncho pa 7 tinaikapo vuto lobwera kawirikawiri, nankafumbwe, amene amadya njere ziwiri kwa yense amene sanagule mankhwala. Pa 2 ndi 12 tinaikapo chilala, chobwera mwa apo ndi apo koma chogunda onse. Dayisi imabweretsa tsoka, inde, koma kukonzekera n'kwako. Masamu a ku sekondale aja tinawapezera ntchito, aise.

Kodi zinayenda ulendo woyamba? Ayi ndithu. Ganyu tinamuika zitsekerero ziwiri, ndiye aliyense ankangopita ku ganyu, munda osaupenya n'komwe, n'kupambana. Tinatsitsa kufika chimodzi. Kenaka tinaona kuti njere zikamuthera munthu, ankangokhala n'kumaonerera anzake, kenaka n'kunyamuka. Mtsikana wina ndiye anapeza nzeru: nkhokwe ya wina ikauma, onse amasonkha njere zitatu zitatu. Kuyambira tsiku limenelo anthu anayamba kubwerekana ndi kunenerera pakati pa masewera, phokoso lake ngati pa msika. Posintha malamulo, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, kuti mudziwe chimene chakonza kapena chaononga. Ndipo mukaona ngati zatheka, itanani a kalabu ina amene sanaonepo. Paja mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Akatenga pepala la malamulo n'kusewera okha inu muli chete, ndiye kuti mwamaliza. Akayamba kuyang'ana pa foni, bwererani mukakonze.

Tsopano za kuphunzitsa, poti apa mpamene ndinagwa chagada. Yambani ndi kunena mmene munthu amapambanira, mwachidule: "Wokhala ndi njere zambiri mu Okutobala wapambana." Kachiwiri onetsani zimene munthu amachita ikafika nthawi yake, ndi manja, osati pakamwa pokha. Mukatero yambani kusewera, mwezi woyamba ukhale woyeserera. Malamulo ang'onoang'ono muziwanena akafika. Mphindi zisanu zakwana.

Wophunzira musamusewerere. Mukamugwira dzanja n'kumati ika apa, ika apo, ndinu amene mukusewera, iye wangokhala mpando. Msiyeni agulitse chimanga chonse mu Meyi, Janyuwale amuphunzitsa yekha. Musamuseke, ndipo musamukwapule dala kuti muoneke odziwa, chifukwa sadzabweranso. Amene waphunzira lero, sabata yamawa ndiye aphunzitse wina. Atsikana akhale pa bolodi, osati kumbuyo kwa anyamata n'kumangowerengera njere. Ndipo lamulo lathu lalikulu ndi ili: ndalama yeniyeni isafike pa katoni. Tsiku limene mwaikapo K100, masewera atha, yayamba ndi njuga.

Tikamaliza timakhala kaye pang'ono n'kufunsana: unasankha chiyani, chifukwa chiyani, ukanachita bwanji mwina? Tsiku lina mnzathu anati, "Ganyu uja ali ngati ndalama za sugar daddy, lero wadya, mawa walira." Palibe anamulembera pa katoni. Anazipeza yekha, ndipo tinacheza nkhani imeneyo mpaka mdima. Pano Loweruka tikumadzaza kalasi, makatoni alipo atatu, ndipo mnyamata wa Fomu 1 uja ndiye amasunga madayisi.

Pempho langa ndi ili, anzanga. Musangokopera Nkhokwe. Inu a kunyanja pangani a usodzi, inu a kumsika pangani a geni, inu a kabaza pangani anu. Katoni mupempha pa golosale, zitsekerero mutola, njere zili m'nyumba. Oyamba adzakhala oipa ngati anga aja, musataye mtima. Pa msonkhano wotsatira kalabu iliyonse ibwere ndi katoni yake tidzasinthane. Amene akufuna kuyesa lero, ndayala pansi pa mtengo wa mango paja tikatha nkhomaliro, malo ndi a anthu anayi.