KUGULA GALIMOTO YA LIWIRO KWA MWINI WACE

Usiku uno ndifuna kukamba nanu za kugula galimoto ya liwiro imene mwini wace akugulitsa yekha pakhomo pace, nanena kuti, "Onani pa mita, bambo, sinayende kwambiri."

Nkhaniyi yandikhudza cifukwa ca mnzanga wina amene agwira nchito pansi pa mgodi ku Kitwe. Iye anasunga ndalama zaka zinai. Tsiku lina anaona Subaru Impreza WRX iri pa mthunzi wa mango, mita yace ikuonetsa makilomita 38,000 cabe. Anaizungulira kawiri, namva kulira kwa injini, nalipira tsiku lomwelo. Mwezi waciwiri usanathe, lamba wa m'injini anaduka pa mseu wa ku Ndola. Lero galimotoyo iri pa njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo nkhuku zikuikira mazira pa mpando. Wogulitsayo sananame, makilomita anali oona. Koma lambayo anali wa zaka 15, ndipo panalibe amene anafunsa za iye.

Tsono mau anga ndi awa: mita ndi mboni imodzi cabe, ndipo akulu athu saweruza mlandu pa mau a mboni imodzi. Mita ikhoza kubwezedwa m'mbuyo ndi anthu acinyengo. Ngakhale itanena zoona, siiwerenga zaka, ndiponso siikuuzani m'mene galimoto inali kuyendetsedwa.

Kumbukirani kuti galimoto yamtunduwu inapangidwira kuthamanga. WRX inayamba kupangidwa ku Japan m'caka ca 1992, ndipo m'caka ca 1995 Colin McRae wa ku Scotland anakhala katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wa rally akuyendetsa Impreza. Zambiri zimene zinafika kuno ziri ndi injini ya malita 2, koma ziri ndi turbo, ndico cipangizo cozunguzidwa ndi utsi cimene cikankhira mpweya wocuruka m'injini. Munthu sagula galimoto yotere kuti azipita nayo ku chalichi pang'onopang'ono. Makilomita owerengeka a mnyamata wokonda liwiro akhoza kutha kilaci ndi mabuleki koposa ulendo wautali wa mphunzitsi wofatsa.

Tiyeni tsono tiitane mboni zina.

Yoyamba ndiyo masamu. Ngati galimoto ya zaka 15 ionetsa makilomita 30,000, ndiye kuti inali kuyenda 2,000 pa caka. Kucokera ku Kitwe kufika ku Lusaka ndi makilomita ngati 360, motero galimotoyo sinali kukwanitsa maulendo atatu opita ndi kubwera pa caka conse. Kapena mita ikunama, kapena galimoto inali kungokhala. Kukhala nako kumaononga: mphira amauma nang'ambika, mafuta a mabuleki amamwa cinyontho, oilo amakalamba.

Yaciwiri ndiyo malo amene woyendetsa amakhudza. Penyani mphira wa popondera kilaci ndi mabuleki, ciongolero, ndi m'mphepete mwa mpando. Ngati izi zasalala ndi kutha, pamene mita ikuti galimoto ndi kamwana, dziwani kuti wina akunama.

Yacitatu ndiyo matayala. Pambali pa tayala liri lonse pali manambala anai onena za kubadwa kwace. Mukaona 2318, ndiye kuti linapangidwa sabata la 23 m'caka ca 2018. Tayala lakale ndi loopsya pa liwiro ngakhale mano ace aoneke atsopano. Ndiponso popeza WRX imakoka ndi mawilo onse anai, matayala onse ayenera kukhala ofanana, pakuti osiyana amabvutitsa magiya.

Yacinai ndiyo injini yozizira. Pitani m'mamawa, ndipo muuze mwini wace kuti asailize musanafike. Igwireni ndi dzanja. Mukapeza yafunda kale, funsani cifukwa cace. Ikalira, imani kumbuyo muone utsi. Wabuluu utanthauza kuti injini kapena turbo ikuocha oilo. Woyera umene suleka injini itatentha utanthauza kuti madzi akulowa kumene sayenera kulowa. Pambuyo pace iyendetseni nokha, pa mseu wabwino ndi pa woipa, wailesi yace itazimidwa kuti mumve kugogoda kuli konse.

Yacisanu ndiyo mapepala a ku galaja. Funsani malisiti osonyeza masiku amene oilo anasinthidwa ndi makilomita a pa tsikulo. Koposa zonse funsani za lamba uja wochedwa timing belt. Kawirikawiri amasinthidwa pa makilomita ngati 100,000, koma zaka nazo zimamutha. Pa injini imeneyi akaduka, mapisitoni amagunda mavavu, ndipo mtengo wokonzera ndi wolemetsa. Ngati palibe lisiti, yesani kuti sanasinthidwe, ndipo mucotse mtengo wace pa ndalama zimene mulipira. Tengani makanika wosankha inu, osati mnzace wa wogulitsa.

Tsopano za lamulo. Munthu wogulitsa pakhomo sakupatsani cikole ciri conse. Ndalama zikapita, zapita. Onani buku la galimoto limene timalicha white book, ndipo dzina la m'menemo lifanane ndi la pa citupa ca wogulitsayo. Nambala ya chassis ndi ya injini muziwerenge nokha pa citsulo, osati pa pepala pokha. Pitani naye kwa apolisi akatsimikize kuti galimoto si yakuba. Lemberanani kalata ya malonda pamaso pa mboni, ndipo musacedwe kusintha dzina ku RTSA. Wogulitsa akayamba kunena kuti, "Fulumirani, wina akubwera ndi ndalama madzulo," msiyeni winayo agule.

Cotsiriza, musathere ndalama zonse pa kugula. Galimoto yotere imamwa petulo wambiri, ifuna oilo wabwino, ndipo ndi yaifupi pansi, pamene miseu yambiri ya m'makomboni iri ndi maenje. Ngati mutagula simutsala ndi ndalama za matayala anai ndi lamba watsopano, nthawi yanu siinakwane. Ana asagone ndi njala cifukwa ca turbo.

Sindikuletsani kugula, abale anga. Yabwino iripo, ndipo mwini wace woona mtima sadzakwiya ndi mafunso anu. Koma makolo anati safunsa anadya phula, ndipo mnzanga uja akulidyabe kufikira lero.