Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku Lodziwitsa Ophunzira Atsopano za Mabanki

Wotsogolera mwambo, Mkulu wa sukulu yathu ino ya ukachenjede pamodzi ndi achiwiri anu, akuluakulu oona za umoyo wa ophunzira, aphunzitsi nonse, Bwanamkubwa wa boma lino, a Gogo Chalo ndi mafumu amene mwabwera nawo, abusa ndi mashehe, nthumwi za Reserve Bank of Malawi, oimira mabanki ndi makampani a lamya amene mwakhoma matenti panjapo, atsogoleri a bungwe la ophunzira, atolankhani, achitetezo, amayi amene mwatiphikira, ndi inu ana anga a chaka choyamba, ndakulonjerani nonse.  

Ndiyambe ndi kuyamika boma. Mu 2015 linakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board kuti mwana wa mlimi asabwerere kumudzi chifukwa cha fizi. Mu 2017 tinalembetsa ziphaso za unzika, ndipo lero chiphaso chimenecho ndi chimene banki imayamba kukufunsani mukafuna kutsegula akaunti. Khomo latseguka. Nkhawa yanga ili pa mmene mulowere.

Mukatuluka muno, musathamangire tenti imene ikugawa malaya ndi zipewa. Pitani ku National Bank, ku Standard Bank, ku FDH, ku NBS, ku First Capital, konseko, mukafunse mafunso omwewo. Kodi pamwezi mumadula zingati? Nanga ndikatapa ndalama pa ATM ya banki ina? Kukankha ndalama kupita ku Airtel Money kapena ku Mpamba ndi zingati? Muakauntimo muyenera kutsala zingati? Muli ndi akaunti ya ophunzira? Muwauze akupatseni pepala la mitengoyo, mukaliwerenge kuhositelo mutakhala pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. K500 yodulidwa apa ndi apo imaoneka yochepa, koma pakutha pa temu ndi ndiwo za masiku angapo. Inu a mabanki, mwachita bwino kubwera, koma ana awa muwafotokozere m'Chichewa chomveka, osabisa kanthu m'timalemba ting'onoting'ono tija.

Tsopano nkhani imene yandidzutsa m'mawa lero: makhadi. Pali khadi imene umatapira ndalama zako zomwe. Ndalamazo zikatha, nayo yatha mphamvu. Pali ina, ya credit card, imene banki imakulipirira lero iwe n'kudzabweza pambuyo. Imeneyo ndi ngongole, ana anga, ngakhale ikhale yonyezimira chotani. Mukapanda kubweza yonse pa tsiku loikika, chiwongoladzanja chimakwera pa zotsalazo, mwezi winawo n'kukweranso pamwamba pa chiwongoladzanja chakalecho. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo wokongola wamba amalipira choposa pamenepo. Ukagula nayo katundu wa pa intaneti wa mtengo wa madola, kumbukiranso kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Wophunzira wopanda malipiro a pamwezi angasenze bwanji zimenezi? Ine ndikuti dikirani mudzayambe ntchito.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu khadi imeneyi simuipeza msanga. Koma ngongole ya pafoni ili m'thumba mwanumo, ndipo a katapila akukudikirani kunja kwa geti. Anyamata a kubetcha mpira, ndikukuonani mukuyang'ana pansi! Dziwani kuti kuyambira 2010 dziko lino lili ndi lamulo la mabungwe osunga mbiri ya okongola ndalama. Ukazemba ngongole lero, dzina lako limalembedwa, ndipo ukadzafuna mpamba wa bizinesi utamaliza digiri, banki idzayamba yaona mbiriyo. Ngongole ya sukulu nayo mudzabweze, kuti azing'ono anu adzaphunzire.

Nambala yanu yachinsinsi ya khadi kapena ya pafoni musauze munthu, kaya chibwenzi, kaya woimba foni wonena kuti ndi wa kubanki.

A Mkulu wa sukulu, pempho langa ndi lakuti maphunziro otere azichitika temu iliyonse, osati pofika pokha. Ndi mawu amenewa, ndatsegulira mwambo uno.