Chithunzi cha Kumudzi pa Khoma Lathu



Ambiri a ife tinapachika pabalaza chithunzi cha kanyumba kaudzu, nkhokwe pambali pake, phiri la Mulanje kumbuyo. Zithunzi zotere timaziona kwa ogulitsa ziboliboli muno mu Blantyre ndiponso ku Mandala House, nyumba ija inamangidwa m'chaka cha 1882. Zina amazijambula ndi utoto wosungunula ndi madzi. Mmisiri amayamba ndi utoto wopepuka, nadikira kuti pepala liume, ndipo wakuda umabwera pambuyo. Khoma loyera la kanyumbako salipaka konse, limakhala pepala lomwelo. Koma madzi akangodonthera pachithunzipo, ntchito yonse yaonongeka.

Amayi, nyumba zenizenizo nazonso zimaopa madzi. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa nyumba zambiri ku Mulanje, ku Phalombe ndi konkuno ku Chilobwe. Wojambula sationetsa denga lodontha, kapena agogo otsala okha ndi ana amasiye. Koma ife tidziwa, pakuti ndiko tinachokera.

Tsono pempho langa ndi ili. Mukamapukuta fumbi pachithunzi chija, dzifunseni kuti, "Kodi ndinapita liti kwathu?" Mvula isanayambe mu Novembala, tumizani kangachepe ka udzu ndi pepala lapulasitiki lofolera denga. Amene mungathe, pitani nokha, mukazire m'nyumba ya amayi anu ndi manja anu. Akuluakulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.