Chivomezi Kumene Anthu Sachiyembekezera

Andipatsa mphindi zochepa, choncho ndingolowa m'nkhani.

Mu jogalafe tidaphunzira kuti chigoba cha dziko lapansi n'chosweka ngati mphika, ndipo mapale ake akuluakulu amasuntha masentimita ochepa pachaka. Kumene mapalewo amakhulana, monga ku Japan, Chile ndi Indonesia, n'kumene kumachuluka zivomezi. Zimenezo n'zoona. Koma ambiri tidatolapo ganizo lina limene buku silidanene, loti amene akhala pakati pa phale, kutali ndi m'mphepete, angathe kugona tulo tabwino. Ganizo limenelo ndi limene ndabwera kudzatsutsa.

Tiyeni tipite ku India, m'boma la Latur, m'chigawo cha Maharashtra. Deralo lili kutali kwambiri ndi mapiri a Himalaya kumene phale la India limagundana ndi la Asia, ndipo pamapu a boma lidaikidwa m'gulu la malo amene chiopsezo chake n'chochepetsetsa. Pa 30 September 1993, nthawi itatsala pang'ono kukwana 4 koloko m'bandakucha, anthu ali mtulo atatopa ndi chikondwerero cha Ganesh, nthaka idagwedezeka pafupi ndi mudzi wa Killari. Mphamvu ya chivomezicho inali 6.2 chabe, koma anthu pafupifupi 10,000 adafa ndipo midzi yoposa 50 idaphwasuka.

Ndati "chabe" mwadala. Patangopita miyezi yosakwana inayi, mu January 1994, chivomezi champhamvu kuposa chimenecho, cha 6.7, chidagwedeza Northridge mumzinda wa Los Angeles, n'kupha anthu pafupifupi 60. Nanga kusiyana konseku kudachokera kuti? Kudachokera m'nyumba. Ku California amadziwa kuti nthaka yawo siikhala chete, ndipo amamanga moikonzekera. Ku Killari makoma anali ochindikala, a miyala yosasema youndana ndi matope, ndipo padenga la matabwa ankathirapo dothi lochuluka kuti m'nyumba muzizizira. Inali nyumba yanzeru pa dzuwa la kumeneko. Koma itagwedezeka, miyala idasiyana, dothi lonse lija n'kugwera anthu pamphasa. Chaka cha 1992 kudamveka tizivomezi ting'onoting'ono tambiri m'deralo, anthu adadandaula, koma mapu ankati kulibe vuto. Mapuwo adawakonza m'chaka cha 2002, maliro ataikidwa kale.

Mwina mukufunsa kuti pakati pa phale pamagwedezeka bwanji. Phale likamakankhidwa m'mphepete, kupanikizako kumafika mpaka mkati, ndipo mkatimo muli ming'alu yakalekale, ina ya zaka mamiliyoni mazanamazana, yokwiririka pansi. Mphamvu imaunjikana pamng'alu wotere pang'onopang'ono zedi, mwina kwa zaka masauzande, isanatsetsereke. Tsono makina oyezera zivomezi agwira ntchito zaka zongopitirira 100, ndipo ngakhale agogo a agogo athu sangakumbukire za zaka 2,000 zapitazo. Malo akakhala chete, sitidziwa ngati mng'alu udafa kapena ukungogona.

Pali chinanso. Thanthwe la pakati pa phale n'lakale, lozizira ndi lolimba, choncho limanyamula kugwedezeka n'kukufikitsa patali, monga m'mene chitsulo cha njanji chimamvekera ukachimenya. Pakati pa December 1811 ndi February 1812, zivomezi zitatu zikuluzikulu zidachitika ku New Madrid, m'mphepete mwa mtsinje wa Mississippi, pakati penipeni pa America. Zidamveka mpaka kugombe la kum'mawa kwa dzikolo, ndipo nthaka idatitimira n'kupanga nyanja ya Reelfoot. Nthawi imeneyo kunali anthu ochepa. Lero pafupi pomwepo pali mizinda ya Memphis ndi St. Louis. Kuno kwathu kum'mwera kwa Africa, chivomezi cha 6.5 chidachitika pakati pa Botswana pa 3 April 2017, ndipo anzathu amene amakhala ku Johannesburg adachimva. Mwayi wake chidagwa kuchipululu.

Ife a ku Malawi nkhani yathu njosiyana pang'ono, ndipo sindikufuna kukusokonezani. Tili m'chigwa cha Rift Valley, kumene Africa ikung'ambika, kotero malire a phale akubadwira pansi pathu pomwe. Koma kung'ambikako n'kwa mamilimita ochepa pachaka, ndiye zivomezi zowononga zimatalikirana mpaka kuiwalika, monga ku Latur. Cha ku Salima cha pa 10 March 1989 chidapha anthu 9. Za ku Karonga za mu December 2009 zidapha anthu 4 ndi kugwetsa nyumba zambirimbiri. Pakati pake padapita zaka 20, ndipo m'zaka zimenezo tidamanga nyumba zingati za njerwa zootcha zoundana ndi matope?

Ndikudziwa kuti ambiri muno mukumanga, ena m'tauni, ena kumudzi kwa mayi. Mmisiri akakuuzani kuti tisiye mkombero uja wa konkire ndi zitsulo pamwamba pa mawindo, umene amati ring beam, kuti ndalama zikwanire malata, mumukanire. Mkomberowo ndi umene umagwira makoma anayi kuti asatayane. Muonetsetsenso kuti pakona njerwa zalumana, kuti mawindo sali pafupi kwambiri ndi kona, ndi kuti gebulo wamangidwa molimba kudenga, pakuti iye ndiye amayamba kugwa, ndipo nthawi zambiri pansi pake mpamene timaika bedi la ana.

A Wapampando ayamba kuyang'ana wotchi. Amene ali ndi mapulani a nyumba m'galimoto abwere nawo nthawi ya tiyi, tiwaonere limodzi.