Sayansi ya m'Galaja: Kudzutsa Jeke Wakale

Lero tikamba za chipangizo chimene ambiri a inu munachionapo m'magalaja a ku Kitwe ndi ku Ndola, ndicho jeke wa mawilo amene amalowetsedwa pansi pa galimoto. Kodi zimatheka bwanji kuti munthu mmodzi akweze galimoto ndi dzanja limodzi?

Chinsinsi chake chagona m'mafuta. Blaise Pascal wa ku France, amene anabadwa mu 1623, anaonetsa kuti madzi otsekeredwa akapanikizidwa, mphamvuyo imafika mbali zonse mofanana. Mu 1851 Richard Dudgeon wa ku New York anapanga jeke wonyamulika wotsata nzeru imeneyi. M'kati mwa jeke muli mapisitoni awiri, wamng'ono ndi wamkulu. Ngati mutu wa wamkulu uposa wa wamng'ono kakhumi, kukankha kwa makilogalamu 20 kumakweza makilogalamu 200. Koma wamkuluyo amakwera pang'onopang'ono, ndipo ndicho chifukwa chake makaniko amapopa kambirimbiri. Timipira tachitsulo timatseka njira kuti mafuta asabwerere.

Dziko lathu linaona phindu la chipangizochi. Azungu a ku Rhodesia atadzilengezera ufulu mu 1965, petulo ndi dizilo zinayamba kubwera pa malole kuchokera ku Dar es Salaam, kufikira paipi ya TAZAMA itafika ku Ndola mu 1968. Msewu unali woipa, matayala ankaphulika, ndipo popanda jeke ulendo unkathera pomwepo.

Tsono jeke akakalamba, kodi atayidwe? Iyayi. Kawirikawiri chitsulo chake chimakhala chikadali cholimba. Chimene chimatha ndi timalabala totseka mafuta, kapena tizikopa m'majeke akale kwambiri.

Choyamba, makaniko wanzeru amamuzindikira jekeyo. Amamutsuka ndi palafini, nafunafuna kachitsulo kolembedwa dzina la kampani, nambala yake, ndi matani amene angathe kukweza. Kachitsuloko kakatayika, amayang'ana zilembo zoumbidwa pathupi pake, nayeza pisitoni kuti agule timalabala toyenera. Paja safunsa anadya phula.

Chachiwiri, amakhuthula mafuta akale, namasula ziwalo, naziyala mwa ndondomeko kuti kampira ngakhale kamodzi kasasowe. Pisitoni akadyeka kwambiri ndi dzimbiri, timalabala tatsopano sitikhalitsa. Valavu yoteteza jeke ku katundu wopitirira muyeso saisintha, pakuti inachunidwa ku fakitale.

Chachitatu, amabwezera ziwalo, nathira mafuta a jeke enieni. Mafuta a mabuleki saloledwa, chifukwa amaononga labala. Kenaka amatsegula valavu yotsitsira, napopa kangapo kuti mpweya utuluke. Mpweya umafinyika, pamene mafuta safinyika. Jeke wokhala ndi mpweya sakwera bwino. Pomaliza amamuyesa ndi katundu, naona ngati atsika yekha.

Ana inu, gwirani mawu awa. Ntchito ya jeke ndi kukweza, osati kusunga galimoto m'mwamba. Kalabala kamodzi kakang'ambika, galimoto imatsika mwadzidzidzi, ndipo munthu amene ali pansi angathe kufa. Munthu asalowe pansi pa galimoto isanakhazikidwe pa zochirikiza zachitsulo, pamalo olimba ndi osalala, mawilo ena atapingidwa. Njerwa sizichirikiza, zimaphwanyika. Kukonza jeke ndi ntchito ya akuluakulu, monga amene amaphunzira umakaniko pa Northern Technical College ku Ndola. Yanu ndi kupenya ndi kufunsa.

Aphunzitsi, pezani majakisoni awiri atsopano opanda singano, wamkulu ndi wamng'ono. Alumikizeni ndi kapaipi, mudzaze madzi osasiya mpweya. Ana awiri akankhane, ndipo kalasi ione amene alephere. Kenaka lowetsanimo mpweya pang'ono, muwafunse chimene chasintha.