MADZI A M'LOLE AKUPITA KUTI?

Lero tikambirane za lole yakale imene imatha madzi. Ena mwa inu ndinu madalaivala. Ena ndinu othandiza dalaivala. Enanso muli ndi lole ya kalabu kapena ya pabanja imene imakunyamulirani chimanga, mtedza ndi fodya. Nkhaniyi ikukhudza nonsenu, chifukwa lole ikafera panjira katundu amachedwa, ndipo ndalama zokonzetsera zimachokera m'thumba mwanu.

Pali chizolowezi china choipa. Munthu akaona kuti madzi achepa mu rediyeta, amangothira ena n'kumapita. Mawa athiranso. Mkuja athiranso. Safunsa kuti, "Kodi madzi aja akupita kuti?" Lole simwa madzi monga imwera dizilo ayi. Madzi amangozungulira m'kati. Tsono ngati mukuthira tsiku ndi tsiku, dziwani kuti pena pake pakudontha. Ntchito yanu ndi kupeza pamenepo injini isanapse.

Ntchito ya madzi mu injini

Injini ikamalira imatentha kwambiri, chifukwa m'kati mwake mukuyaka mafuta. Madzi ndiwo amachotsa kutenthako. Wotapampu imawakankha kuti azungulire mu injini. Akatentha amadzera m'paipi ya raba ya pamwamba kupita ku rediyeta. Kumeneko mphepo ndi fani zimawaziziritsa. Kenaka amabwerera ku injini kudzera m'paipi ya pansi.

Madzi amawira akafika pa madigiri 100, koma kumalo okwera monga ku Dedza amawira asanafike pamenepo. Injini zambiri zimayenda bwino pa madigiri 80 mpaka 95. Mukuona kuti mpata wake ndi wochepa. N'chifukwa chake chotsekera cha rediyeta chili ndi sipuling'i ndi raba. Chimapanikiza madziwo kuti asawire msanga.

Kutsogolo kwa dalaivala kuli geji yokhala ndi zilembo ziwiri, C ndi H. Chilembo C chikuimira kuzizira, H kutentha. Kamuvi kake kayenera kukhala chapakati. Kayang'aneni kawirikawiri, makamaka m'mwezi wa Okutobala mukakhala mwasenza katundu pokwera Thabwa, Chiweta kapena Khwekhwerere. Chenjeraninso ndi ichi: madzi akatheratu, geji itha kunama, chifukwa kachitsulo kamene kamamva kutentha kamakhala pouma. Choncho mukamva fungo lopserera kapena mukaona nthunzi, musadalire geji yokha.

Injini ikatentha panjira

Kamuvi kakayandikira pa H, imani pambali pa msewu. Musanene kuti, "Tangotsala pang'ono kufika." Mtunda wochepa womwewo utha kupha injini. Zimitsani, ikani mwala kutayala, ndipo dikirani mphindi 30 kapena kuposerapo.

Musatsegule chotsekera cha rediyeta injini ili yotentha. Madzi owira amathovokera kumaso ndi m'manja, ndipo mabala ake ndi oopsa. Ikazizira, phimbani chotsekeracho ndi chinsanza chochindikala. Potokolani pang'ono kuti mpweya uyambe watuluka, nkhope mutayang'ana kumbali. Kenaka tsegulani chonse.

Musathire madzi ozizira mu injini yotentha. Mukudziwa mmene galasi la nyali limaswekera likadontheredwa madzi nyali ikuyaka. Chitsulo cha injini chimang'alukanso chimodzimodzi.

Kufufuza podontha

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzulo imikani lole pamalo athyathyathya, dzazani rediyeta, ndipo yalani katoni pansi pa injini. M'mawa onani pamene panyowa. Kwezani maso kuchokera pamenepo mutagwira tochi. Madzi amatsata chitsulo potsika, tsono funani malo onyowa amene ali pamwamba kupambana onse. Ngati pauma, pamatsala mzere woyera, wobiriwira kapena wa dzimbiri.

Yambani ndi zotsika mtengo.

Choyamba, chotsekera cha rediyeta. Ngati raba yake yang'ambika kapena yauma, gulani china. Pamwamba pake pamalembedwa nambala. Ikopereni papepala kuti mukagule chofanana nacho.

Chachiwiri, mapaipi a raba. Afinyeni ndi dzanja injini ili yozizira. Paipi yabwino imabwerera mukaisiya. Yofewa ngati nthochi yakupsa, yotupa, kapena youma yokhala ndi ming'alu, imeneyo yatha. Onaninso makilampu amene amamanga paipi kumapeto. Nthawi zambiri kudontha kumathera pongolimbitsa kilampu ndi sikuludiraiva.

Chachitatu, rediyeta yeniyeniyo. Onani m'makona, m'malo olumikizira, ndi pamene mwala kapena fani idagunda.

Chachinayi, wotapampu. Pansi pake pali kabowo kakang'ono. Madzi akamatuluka pamenepo, ndiye kuti raba ya m'kati yatha. Injini itazima, gwirani fani n'kuigwedeza. Ngati ikugwedera, pampu ifunika kusintha. Dinikizaninso lamba wa fani ndi chala chachikulu. Azilowa pafupifupi sentimita 1 basi. Lamba wokhwepa sazungulitsa pampu bwino, ndipo wothina kwambiri amaiononga.

Chachisanu, m'mbali mwa injini muli tizitsulo tozungulira tonga ndalama. Pa lole yakale timeneti timadyeka ndi dzimbiri n'kuyamba kuchucha. Ngati lole ili ndi hita, gwiraninso pansi popondapo m'kati mwa kabu, muone ngati panyowa.

Pena pamadontha pokhapokha injini ikatentha. Katoni akakhala wouma, lizani injini mpaka kamuvi kafike pakati, kenaka yang'ananinso. Manja, tayi ndi malaya zitalikire fani ndi lamba.

Ngati kunja kuli kouma

Nanga ngati madzi akuthabe koma kunja sikukuoneka kanthu? Pamenepo madzi akulowa m'kati mwa injini. Kawirikawiri vuto limakhala gasiketi, chinthu chopyapyala chimene chimatseka pakati pa hedi ndi thupi la injini. Zizindikiro zake ndi izi.

Solani chitsulo choyesera oyilo. Ngati oyilo akuoneka ngati tiyi wamkaka, kapena akuchuluka yekha, madzi alowamo. Onani ku ekizozi. Kanthunzi kapang'ono m'mawa kukazizira si vuto, koma utsi woyera wosatha injini itatentha kale ndi chizindikiro choipa. Chinanso, injini ili yozizira, tsegulani rediyeta n'kuliza injini. Ngati thovu likungotumphuka osaleka, mpweya wa mu injini ukulowa m'madzi.

Mukaona zimenezi musayendetsenso lole. Oyilo wosakanizika ndi madzi satereretsa zitsulo, ndipo injini imadyeka msanga. Itanani makaniko. Musachite manyazi kufunsa, paja safunsa adadya phula. Muuzeni zonse zimene mwaona. Iye ali ndi kapampu kopopera rediyeta kamene kamaonetsa podontha, ndipo ayenera kuyesa hedi ngati siidapindike asanaike gasiketi yatsopano.

Kukonza kongofuna kukafika

Paipi ikang'ambika kumapeto, dulani mbali yong'ambikayo, lowetsaninso, ndipo mangani kilampu. Ikabooka pakati, pukutani, kulungani ndi mphira ya chubu mwamphamvu, n'kumanga ndi waya. Kabowo kakang'ono ka pa rediyeta mutha kukamata ndi sopo wamtanda. Mukatero musalimbitse chotsekera mpaka kumapeto, kuti madzi asakankhe kwambiri pomatidwapo. Yendani pang'onopang'ono, ndipo muziima kuti muone madzi.

Zonsezi ndi zongokufikitsani ku galaja. Mukafika gulani paipi yatsopano. Rediyeta za malole akale zambiri ndi zamkuwa, ndipo amisiri amaziwotcherera bwinobwino. Ena amathira ufa, mazira kapena tsabola mu rediyeta. Zimenezi zimatseka bowo kanthawi, koma zimatsekanso timapaipi tating'ono todutsa madzi. Pamapeto pake injini imatentha kuposa kale.

Madzi oyenera

Madzi amatope a mumtsinje amasiya matope mu rediyeta. Madzi a pamijigo ina amasiya zoyera zouma zonga zimene mumaziona m'ketulo. Madzi amvula osefa bwino ndiwo abwinopo. Koposa zonse, gulani mankhwala a rediyeta otchedwa kulanti. Amateteza dzimbiri ndipo amachedwetsa kuwira. Werengani pabotolo. Ena ndi osakaniza kale, ena amafuna theka madzi theka mankhwala.

Kulanti ndi poizoni. Amatsekemera, ndipo mtundu wake umakopa ana. Musamusunge m'botolo la zakumwa. Musamutaye pafupi ndi chitsime kapena pamene agalu, nkhuku ndi mbuzi zimamwera. Mwana akamwa, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, botolo lija mutalinyamula.

Mawu otsiriza

M'mawa uliwonse musanalize injini, onani madzi, oyilo, lamba, ndi pansi pamene lole idagona. Sungani kabuku m'kabu. Lembanimo tsiku ndi malita a madzi amene mwathira. Kabukuko kadzakuuzani ngati kudontha kukukula, ndipo makaniko sadzavutika kukumvetsani. Poyenda ulendo nyamulani chigubu cha madzi cha malita 20, sikuludiraiva, pulayala, waya, mphira ndi lamba wina wa fani.

Kilampu, paipi ndi chotsekera ndi zinthu za mtengo wochepa. Injini ikapsa, ndalama za zokolola za chaka chonse zitha kuthera pomwepo. Tsono mukaona kuti madzi achepa, thirani ndithu, koma tsiku lomwelo fufuzani kumene apita.



Mafunso okambirana

1. Kodi zilembo C ndi H pa geji zikuimira chiyani?
2. N'chifukwa chiyani sitithira madzi ozizira mu injini yotentha?
3. Tchulani zizindikiro zitatu zosonyeza kuti madzi akulowa m'kati mwa injini.
4. Kodi kulanti tiyenera kumusunga bwanji pakhomo?